Mutu 9: Dzimbiri si imfa ya chitsulo

Pa Hara, kufupi ndi Chilumba m'boma la Karonga, chitsulo sichichedwa kufiira. Madzi amene amalemeretsa dera limeneli ndi mpunga wa Kilombero ndi omwenso amadya zipangizo zake. Ali m'ngalande za sikimu ya mpunga, ali m'matope momwe ng'ombe zimakokamo pulawo, alinso mumpweya wofunda wochokera kunyanja. Munthu akasuzumira kuseri kwa khola kapena pansi pa nkhokwe angapezeko mphika wa miyendo itatu umene nkhuku zimamweramo, simbi ya makala imene chivindikiro chake chinakana kutseguka, kapena miyendo ya makina osokera yongotsala payokha. Zonsezi zimaoneka zakufa, ndipo ogula zitsulo zakale akafika ndi sikelo yawo zimapita pamtengo wa makilogalamu. Koma zambiri mwa izo zangodwala khungu, m'kati zikadali zamoyo. Mankhwala ake ali kale m'mudzi: ndowa ya pulasitiki, madzi, soda kapena chidulo, ndi magetsi ochepa a sola yomwe ija imatchajira mafoni. Njira imeneyi ndi yabwino kuposa zonse zimene tinazolowera pa chifukwa chimodzi chachikulu, chakuti imachotsa dzimbiri osadya chitsulo chili pansi pake.

Tiyambe ndi chitsulocho, chifukwa zitsulo si zimodzi. Makolo athu ankadziwa kuyenga chitsulo kalekale, ndipo Aphoka a m'mapiri a Nyika ndi Livingstonia, kumtunda kwa chigwa chomwechi, anatchuka ndi ng'anjo zawo zadothi. Chimene chinkatuluka m'ng'anjo zimenezo chinali chibuluma chofunika kusula ndi nyundo mpaka chikhale khasu kapena nkhwangwa. Mphika wa miyendo itatu ndi wa mtundu wina. Chitsulo chake chimasungunulidwa mpaka kuyenda ngati phala lamadzi, kenaka n'kuthiridwa m'chikombole, monga dothi la njerwa. Chimatheka kutero chifukwa pa magawo 100 alionse, awiri mpaka anayi amakhala kaboni, chinthu chomwe chimapanga makala. Kaboni ameneyu amatsitsa kutentha kofunika kuchoka pa madigiri 1,538 kufika cha m'ma 1,200. Anthu a ku China ankachita zimenezi zaka zoposa 2,000 zapitazo. Ku England, Abraham Darby analembetsa mu 1707 njira yake youmbira miphika yopyapyala m'zikombole za mchenga, ndipo miphika yotere, yopangidwa ku Britain kenaka ku South Africa, ndi imene inafalikira m'makhitchini a kuno. Chitsulo chothira m'chikombolechi chimasunga kutentha nthawi yaitali ndipo sichipindika, koma n'chophweka kusweka. Mukachimenya ndi nyundo chimang'aluka ngati mbiya, ndipo wowotcherera aliyense angakuuzeni kuti kuchilumikizanso ndi ntchito yovuta.

Dzimbiri ndi chitsulo chimene chagwirizana ndi okosijeni wa mumpweya, madzi ali mkhalapakati wake. Chimene chimanyenga maso n'chakuti dzimbiri limatupa. Kachitsulo kochepa kakasanduka dzimbiri kamatenga malo ochuluka kangapo kuposa poyamba, ndiye chifukwa chake nati ya dzimbiri imakana kumasuka ndipo konkire imang'aluka chitsulo cha m'kati chikafiira. Choncho chikhungwa chochindikala chimene chakuta mphika chingakhale chitadya pang'ono chabe pa thupi lake. Mphika wachitsulo, pokhala wochindikala kale, umakhala ndi chotsala chambiri. Mwambi uja umati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Apa zili mosemphana, kuipa kuli kunja, ubwino uli m'kati. Funso loyenera kufunsa poona chitsulo chofiira ndi lakuti chatsala chochuluka bwanji, ndipo yankho lake silidziwika mpaka dzimbiri litachoka.

Njira zochotsera dzimbiri zimene tili nazo zonse zili ndi mtengo wake. Kukwecha ndi mchenga, chidutswa cha njerwa kapena sandipepa kumayeretsa malo osalala, koma sikufika m'timaenje, m'mizere ya bawuti kapena m'makona a chivindikiro cha simbi, pomwe dzimbiri limayambiranso. Galainda imafulumira, koma sisiyanitsa dzimbiri ndi chitsulo: imapala zonse, n'kufafaniza dzina la wopanga ndi nambala ya mphika. Zowawasa, monga viniga, mandimu kapena bwemba, zimasungunula dzimbiri ndithu, koma zikamaliza siziima, zimapitiriza kudya chitsulo ngati mwaiwala kuvuula. Asidi wa m'batire ndi woopsa koposa, amawotcha khungu ndi maso ndipo amakhala ndi mtovu. Ena amaponya mphika pamoto waukulu kuti chikhungwa chigwe, ndipo nthawi zina zimatheka, koma chitsulo chamtunduwu chikatentha mbali imodzi, kapena chikathiridwa madzi chili chofiira, chimang'aluka pomwepo. Njira zonsezi zimachiza pochotsa kanthu pa wodwalayo.

Njira ya magetsi, imene akatswiri amaitcha electrolysis, ili ndi zaka zoposa 200. Mu 1800 Alessandro Volta wa ku Italy analengeza batire yoyamba, ndipo chaka chomwecho William Nicholson ndi Anthony Carlisle a ku London anaviika nthambo zake ziwiri m'madzi n'kuona thovu likutuluka: haidrojeni ku nthambo imodzi, okosijeni ku inayo. Mu 1824 Humphry Davy anasonyeza kuti mkuwa wokuta pansi pa sitima za pamadzi ungatetezedwe poumatiza tizidutswa ta chitsulo china kuti tidyeke m'malo mwake. Wophunzira wake Michael Faraday, mwana wa munthu wosula zitsulo, anapeza m'zaka za 1833 ndi 1834 lamulo lakuti kuchuluka kwa kusintha kumene kumachitika m'madzimo kumayenderana ndi kuchuluka kwa magetsi amene adutsa. Zimene anthuwa anapeza ndi zomwe zimachitika m'ndowa ya pakhomo. Chitsulo cholumikizidwa ku mbali ya negativi chimalandira magetsi, ndipo chikamalandira sichingachite dzimbiri. Gawo lina la dzimbiri lofiira limasanduka lakuda ndi lofewa, pamene timathovu ta haidrojeni timabadwira pansi pa chikhungwa n'kuchitukula pang'onopang'ono. Chitsulo cha ku mbali ya pozitivi ndicho chimadyeka. Chimodzi chimaperekedwa nsembe kuti chinzake chipulumuke, ndipo dzimbiri likatha magetsi alibenso chochita pa chopulumukacho, ngakhale chitagonera m'madzimo.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Mu ndowa ya pulasitiki ya malita 20 mumasungunula masipuni aakulu asanu a soda wochapira. Ngati alipo ndi soda wophikira therere yekha, mumamukazinga kaye mu poto wouma kwa kanthawi, chifukwa kutentha kumamusandutsa wochapirayo. Ntchito ya soda ndi kungopereka njira kwa magetsi, poti madzi okha sawadutsitsa bwino. Mphika kapena simbi mumaitsuka ndi sopo kuchotsa mafuta, mumapala kamalo kamodzi mpaka chitsulo chiwale, n'kumangapo waya wachitsulo ndi kuipachika pa kamtengo kopingasa pakamwa pa ndowa, kuti imire yonse osakhudza china chilichonse. M'mphepete mwa ndowa mumaimika zitsulo zotha ntchito, monga khasu lakutha kapena zidutswa za chitsulo cha m'konkire, mitu yake ili kunja kwa madzi ndipo yolumikizidwa pamodzi ndi waya. Nthambo yakuda, ya negativi, imapita ku chinthu chimene mukuyeretsa. Yofiira, ya pozitivi, imapita ku zotha ntchito zija. Mukasemphanitsa, mphika ndiwo udyeke khasu lakutha n'kuwala. Magetsi amayeretsa kwambiri mbali imene yayang'anizana ndi chitsulo chansembe, choncho kuti m'kati mwa mphika muyere, mumalendeweramo kachitsulo kena kosakhudza m'mbali.

Pakangopita mphindi zochepa, timathovu tating'ono ngati ta thobwa lowira timayamba kukwera kuchokera pa mphika. Madzi amada, pamwamba pamayandama thovu lofiirira, ndipo khasu lija limavala chikhungwa chatsopano chimene muyenera kupala nthawi ndi nthawi kuti magetsi asatsekeke. Dzimbiri lopepuka limatha m'maola ochepa, lokhalitsa limafuna tsiku kapena masiku awiri. Pouvuula, mphika umatuluka wakuda ngati mwaye, ndipo apa ndi pamene oyamba kumene amataya mtima. Koma chakudacho chimachoka ndi bulashi ndi madzi, n'kusiya chitsulo chotuwa, chokhala ndi timadontho ta mchenga wa chikombole momwe chinabadwira, zilembo zake zikuwerengekanso. Kumene soda wasowa, chidulo chimagwira ntchito, chifukwa madzi odontha m'phulusa la nkhuni, la zitsononkho kapena la makoko a nthochi ali ndi mchere wa m'banja limodzi ndi soda. Mlimi wa pa Hara adziwe chinthu chimodzi: phulusa la mankhusu a mpunga, ngakhale lili lambiri pa chigayo, ndi lofooka pa ntchito imeneyi, popeza gawo lake lalikulu ndi silika, chinthu chomwe chimapanga mchenga.

Wina anganene kuti kusakaniza madzi ndi magetsi n'kuputa ngozi, ndipo mantha amenewa ndi oyenera kuwalemekeza. Magetsi a ESCOM, a mavoti 230, sayenera kufika m'ndowa mwanjira ina iliyonse. Amapha, komanso sangagwire ntchitoyi chifukwa amasinthasintha mbali kambirimbiri pa sekondi imodzi. Ofunika ndi magetsi oyenda mbali imodzi a mavoti 12 kapena kupitirira pang'ono, ochokera ku sola, ku batire kapena ku tchaja ya batire ya galimoto. Batire ili ndi vuto lake: zitsulo ziwiri zija zikagundana imatulutsa mphamvu yonse nthawi imodzi, waya n'kufiira. N'chifukwa chake ndi bwino kuika babu ya galimoto panjira ya nthambo yofiira kuti ichepetse mphamvuyo. Haidrojeni amayaka, choncho ndowa ikhale panja kapena pakhonde lopita mphepo, kutali ndi mbaula ndi fodya, komanso kutali ndi ana ndi ziweto. Mchere wa ndiwo usalowe m'madzimo, chifukwa umatulutsa mpweya wa klorini umene umawononga mapapo. Chitsulo chonyezimira cha masipuni ndi mafoloko, chija sichichita dzimbiri, chisakhale chansembe, poti chimasiya poizoni wa chromium m'madzi. Malata ndi waya wamkuwa nazonso zisamire. Muzimitse magetsi musanapise dzanja, ndipo maso atetezedwe ku madzi a soda. Malamulo amenewa ndi ochepa kuposa amene mlimi amatsata kale popopera mankhwala m'munda, ndipo wowatsata amatsala ndi madzi a soda ndi dzimbiri basi, otayika pa dzenje kutali ndi chitsime ndi ngalande.

Winanso anganene kuti magetsi ndi osowa, ndipo kuwathera pa mphika wakale n'kusaganiza. N'zoona kuti ngakhale mtsinje wa Wovwe, m'boma lomweli, umapanga magetsi, nyumba zambiri za kumudzi sizinalumikizidwe. Koma lamulo la Faraday lija lili kumbali ya wosauka. Popeza chofunika ndi kuchuluka kwa magetsi onse amene adutsa, magetsi ochepa kwa nthawi yaitali amachita zomwe magetsi ambiri angachite mofulumira. Sola ya mawati 50 imapereka pafupifupi maampu atatu dzuwa likakhala paliwombo, ndipo zimenezo n'zokwanira mphika wapakati. Ingalumikizidwe molunjika, popanda batire, ndipo ili ndi ubwino wakuti ngakhale zitsulo zitagundana singatulutse mphamvu yoposa imene dzuwa laipatsa. Dzuwa likalowa ntchito imaima, m'mawa n'kupitiriza. M'miyezi ya chilimwe, kuyambira August mpaka November, dzuwa la kunyanja limawomba tsiku lonse, ndipo sola zambiri zikadzaza batire zimangokhala padenga zopanda chochita. Chimene njirayi imafuna kwenikweni ndi kudikira, ndipo akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kutsutsa kwamphamvu koposa n'kwakuti magetsi sabwezera chimene chinadyeka, ndipo uku n'koona kotheratu. Pamene dzimbiri linakumba dzenje, dzenjelo lidzaonekera poyera. Pamene linaboola, bowo lidzatseguka, ndipo mng'alu umene unabisika udzadziwika. Chitsulo chothira m'chikombole chikakhala zaka zambiri m'matope chingathe kutsala ndi maonekedwe ake pamene m'kati mwatsala kaboni yekha, wofewa moti mpeni umalowa. Chotero sichichira. Zitsulo zolimbitsidwa, monga masipuling'i, zingakhale zophweka kuthyoka kwa kanthawi chifukwa cha haidrojeni wolowa m'thupi mwake. Mphika umene unasungunulidwiramo mtovu usaphikidwenso chakudya ngakhale utawala bwanji. Koma malire amenewa akungosonyeza kuti njirayi imanena zoona za chinthu chilichonse, ndipo imatero osawonjezera bala. N'chifukwa chake osunga zinthu zakale amaidalira. Sitima yankhondo ya ku America yotchedwa USS Monitor inamira mu 1862, ndipo mu 2002 mizinga yake iwiri yachitsulo chamtundu womwewu inavuulidwa m'nyanja n'kuikidwa m'matanki ku Mariners' Museum ku Newport News, komwe inakhala zaka zambiri m'madzi a soda wamphamvu ndi magetsi ofooka. Pali chenjezo limodzi kwa ife a ku Karonga, boma limene linaona nkhondo mu September 1914. Chitsulo chofukulidwa m'nthaka chooneka ngati chipolopolo kapena bomba chisakhudzidwe, apolisi adziwitsidwe. Chooneka ngati chakale cha makolo, monga khasu la m'ng'anjo, ndi cha akatswiri a ku Cultural and Museum Centre Karonga, osati cha ndowa ya pakhomo.

Ntchito siithera pa kuvuula. Chitsulo chongoyeretsedwa chili ngati munda wongolimidwa kumene, udzu suchedwa. M'chinyontho cha kunyanja, mphika wosiyidwa kuti uume wokha umayamba kufiira ola lisanathe. Uyenera kupukutidwa nthawi yomweyo, kuikidwa pamoto wochepa kuti madzi a m'timaenje atuluke, kenaka kupakidwa mafuta ophikira ochepa kwambiri ndi kansalu, kunja ndi m'kati. Ukatenthedwa pang'onopang'ono mpaka mafuta afuke utsi n'kuuma, mafutawo amasanduka khungu lolimba lakuda lomatirira ku chitsulo. Kubwereza katatu kapena kanayi kumapereka mphika umene mpunga sumamatira ndiponso madzi saulowa. Khungu limeneli ndi limene amayi akale ankalisunga posakwecha mphika ndi mchenga mpaka kuwala ndi posausiya ndi madzi usiku. Zipangizo zosakhudza chakudya, monga gudumu la pulawo kapena miyendo ya makina, zimafuna penti kapena girisi. Oyilo wakutha wa injini asayandikire chilichonse chophikira.

Latsala funso la amene amati bwanji osangogula chatsopano, popeza mapoto a aluminiyamu ali mbwee pamsika wa Uliwa ndipo ndi opepuka. Pa zophika zofulumira iwo akunena zoona. Koma poto wopyapyala amatoboka m'zaka zochepa, pamene mphika wachitsulo wosamalidwa umaphikira agogo, mwana ndi mdzukulu. Ndipo nkhaniyi ndi yaikulu kuposa khitchini. Sikimu ya Hara ndi imodzi mwa masikimu a mpunga amene boma linakhazikitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970, pamodzi ndi Wovwe ndi Lufilya m'boma lomweli, ndipo masiku ano alimi eni ake ndiwo ali ndi udindo waukulu wosamalira ngalande ndi zotsekera madzi. M'malo otere, chitsulo chimodzi chokana kuzungulira chingachedwetse madzi a minda yambiri, ndipo cholowa m'malo mwake chimachokera kutali, nthawi zambiri kunja kwa dziko, pa ndalama zakunja zimene Malawi amazisowa. Chimodzimodzi ndi zida za chigayo, za pampu ndi za makina a telala. Wogula zitsulo zakale amalipira kulemera kokha. Salipira luso la woumba chikombole, makala amene anasungunula chitsulocho, kapena ulendo umene chinayenda kuti chifike kuno. Zonsezo zimatayika tsiku limene mphika wakwera lole.

Choncho chitsulo chofiira chisaweruzidwe chisanayesedwe. Mnyamata amene amadziwa kulumikiza sola ndi kutchaja mafoni pa Hara ali kale ndi theka la luso limeneli, ndipo mayi amene amadziwa kutcheza chidulo ali ndi theka linalo. Chofunika ndi kuphatikiza ziwirizi, kusunga malamulo ochepa a chitetezo, ndi kupatsa ndowa masiku awiri. Zina zidzatuluka zobooka, ndipo zimenezo zipite kwa wa sikelo popanda chisoni. Zina zidzatuluka zathunthu, nambala yake ikuoneka pambali, zokonzeka kubwerera pamoto ndi kuphika mpunga wa m'minda yomweyo imene chinyontho chake chinazifiiritsa.